Matabuleti Asanu ndi Awiri M'thiranki Yanga

Ana anga, ndikulemba m'Chichewa chifukwa Chitonga chanu chinathera pa "yewu" basi, ndipo wolakwa ndine, amene ndinakutumizani kusukulu za ku Lilongwe. Za ubwana wanga ku Bandawe sindilemba. Azakhali anu amazidziwa kuposa ine, komanso amadziwa kuzikometsera. Ine ndikufuna mudziwe za ntchito yanga, makamaka nkhani ija munangoimva m'mphepo, yakuti mayi anu anaba katundu wa bungwe. Sindinabe. Koma katunduyo ndinatengadi, ndipo zitachitikanso lero ndikhoza kumutenganso.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yokonza matelefoni a nthambo. Pagulu lathu mkazi ndinalipo ndekha. Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, ndiye tsiku loyamba bwana wathu a Kachingwe, munthu wa ku Dedza wosakonda zoyankhulayankhula, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Nanga mumtengo mukakwera bwanji, mayi?" Sanadikire yankho. Anandipatsa mpando pafupi ndi ketulo, ndipo miyezi itatu yathunthu ndinkawiritsa tiyi ndili ndi satifiketi yoposa ya amuna ena amene ndinkawathirira shuga. Tsiku lina nthambi ya mango inadula waya pafupi ndi msika wa Chintheche amuna onse atapita kwina. Ndinavala ovolosi ya mnzanga, n'kumanga chitenje pamwamba pake, n'kukwera. Amayi ogulitsa chinangwa anasiya malonda kudzaonerera. A Kachingwe atafika anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anati, "Polumikiza pachiwiripo mwachita zaulesi. Kwereraninso." Sanandiyamikepo chiyambire, koma kuchokera tsiku limenelo tiyi ankawiritsa wina. Zosowa zinali zambiri. Makwerero analipo amodzi, njinga yakapalasa imodzi, ndipo waya tinkasolola m'matelefoni akufa. Ndinaphunzira kuti chinthu usamachikhulupirire chifukwa chakuti chikulira. Chitsegule uone m'kati.

Zaka za m'ma 2000

Mafoni a m'manja atafala, ntchito ya nthambo inayamba kufa, ndipo ambirife anatipumitsa nthawi isanakwane. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi pamene ndinakhala pabenchi imodzi ndi anthu a msinkhu wanu kuphunzira za makompyuta ndi netiweki. Nditamaliza ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza zipatala zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri za m'mbali mwa nyanja. Dzina lake sinditchula, chifukwa muli anthu abwino amene akugwirabe ntchito kumeneko. Udindo wanga unali woonetsetsa kuti zipatalazo zikulumikizana ndi seva, kompyuta yaikulu ya kulikulu kwathu ku Mzuzu, imene inkasunga mayina a odwala ndi zotsatira za magazi awo. Adani anga anali mphezi, magetsi othimathima, nyerere zomanga nyumba m'makina, ndiponso nkhungu, tizilombo touluka tija timachokera panyanja ngati utsi. Zikatera zinkatseka mafani oziziritsa makina onse, ine n'kumayenda ndi mswachi chipatala ndi chipatala.

Pano ndifotokoze pang'ono za ntchitoyo kuti zotsatirazi muzimve. Nesi akalemba zinthu pa tabuleti, kakompyuta konyamula m'manja kaja, tabuletiyo imayenera kuyamba yalonjerana ndi seva isanatumize kanthu. Njira yakale inali ndi malonje aatali ngati a akuluakulu a mpingo, ndipo netiweki ikaduka pakati, malonjewo ankayambiranso poyamba. Koma m'malonjemo munali funso limodzi lofunika kwambiri. Tabuleti inkauza seva kuti, onetsa satifiketi yako yotsimikizira kuti ndiwedi seva yathu. Kenako inkaona ngati dzina lili lolondola, ngati wosainayo ali wodalirika, ndiponso ngati masiku ake sanathe. Chimodzi chikalakwika, inkakana kutumiza. Vuto linali lakuti batire likatheratu, wotchi ya matabuleti otchipa amene tinali nawo inkabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndiye satifiketi yabwinobwino inkaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Sisita Makwinja, nesi wa ku Mulanje amene anakhala kuno mpaka kuyamba kunditchula monga a kwathu, ankandiimbira foni atalusa. "A NyaLongwe, chinthu chanu chija chayambanso mwano." Ine n'kukwera minibasi kukakonza wotchi.

Zaka zitatu ndisanapume

Kunabwera bwana watsopano, a Zimba, munthu wophunzira ndi wachangu, wofunadi kuti zinthu ziyende. Zimenezo sindimuchotsera. Anapeza kampani ina yoti itilembere pulogalamu yatsopano, ndipo injiniya wake, a Somanje, bambo wa imvi za apo ndi apo, anabwera kudzatiphunzitsa. Pulogalamuyo inkagwiritsa ntchito njira yamakono yotumizira zinthu pa intaneti yotchedwa QUIC, ife tinkangoti kwiki. Kunena zoona, ndinaikonda. Malonje ake ndi aafupi, netiweki ikasintha sizitayika, ndipo pafupifupi zonse zimayenda zobisika, moti ngakhale ine woyang'anira makina sindikanatha kuwerenga zodutsa. Ndinawerenga zimene akatswiri analemba zokhudza njirayi ndipo sindinapezepo chodandaulitsa. Koma pulani ya nyumba ikhoza kukhala yabwino, mmisiri n'kuiwala kuika loko pachitseko.

Nyengo ya mvula chaka chimenecho kunagwa mkuntho, magetsi n'kuthima masiku atatu, mabatire a sola nawo n'kutheratu. Magetsi atayaka ndinapita m'mawa kuchipatala cha Sisita Makwinja ndili wokonzeka kukonza wotchi monga mwa nthawi zonse. Ndinawapeza akumwetulira. "Taonani a NyaLongwe," anatero akundionetsa tabuleti. "Tsiku likuonetsa la kalekale, koma zonse zapita. Iyi ndiye ntchito, yosafunsa zambirimbiri." Iwo anasangalala, ine ndinayamba kudzifunsa. Ngati wotchi ili yolakwika chonchi koma tabuleti sinakane, ndiye kuti masiku a satifiketi sinawaone. Nanga ngati masiku sinawaone, inaona chiyani?

Loweruka m'mawa ndinabwereranso ndi laputopu yanga. Ndinapanga satifiketi yabodza, yosaina ine ndemwe, chinthu chimene aliyense wodziwa pang'ono angapange madzi a tiyi asanawire. Kenako ndinakonza zoti laputopuyo izinamizira kukhala seva ya ku Mzuzu. Ndinapempha Sisita kuti alembe dzina lopeka. Analemba, n'kutumiza. Dzinalo linatulukira pa laputopu yanga loyera ngati lolembedwa pabolodi. Koma silinabwere lokha. Tabuletiyo inali ndi zina za dzulo lake zimene zinali zisanapite, ndipo inazikhuthula zonse kwa ine: mayina enieni, midzi, zaka, ndi zotsatira za magazi. Ndisanatembenuze nkhope, maso anga anali atawerenga kale dzina la munthu amene inu mumamudziwa, amene anakunyamulanipo muli makanda. Ndinatseka laputopu mwamphamvu moti Sisita anadzidzimuka. Ndinafufuta zonse iwo akuona. Dzinalo sindinauzepo munthu, ndipo musadzandifunse.

Muyenera kumvetsa kuti matabuleti amenewa sankakhala m'chipatala mokha. Manesi ankapita nawo kumadoko a asodzi ndi kumidzi, n'kumalumikiza pa netiweki iliyonse imene apeza, ya pasitolo kaya ya pafoni ya munthu. Zimene ndinachita ine, wina akanatha kuchita atakhala pansi pa mtengo. Ndipo kwathu kuno tonse ndi pachibale. Nkhani yotere ikatuluka, banja limatha, munthu amasiya kupita kutchalitchi, wina amasiya kukalandira mankhwala kuopa maso a anthu.

Ndinaimbira a Somanje tsiku lomwelo. Ananena zoona, ndipo pa chimenechi ndimawalemekeza. Anati poyesa pulogalamuyo matabuleti ankakanakana chifukwa cha mawotchi, ndiye anayamba azimitsa mbali yofufuza satifiketi kuti ntchito ipite patsogolo, poganiza kuti adzaibwezeretsa. "Komabe mayi, zonse zimayenda zobisika. Palibe angawerenge panjira." Ndinati, "Bambo Somanje, envulopu mwaimata bwino, sindikukana. Koma mukuipereka kwa aliyense wodutsa amene wanena kuti ndine wapositi." Anati kukonza bwinobwino, pamodzi ndi nkhani ya mawotchiyo, kungatenge mwezi ndi theka, ndipo sangayambe popanda chilolezo cha bwana.

Lolemba ndinapita ku Mzuzu. A Zimba anandimvetsera akuseweretsa cholembera. Patebulo panali fomu yoti ndisaine, yovomereza kuti pulogalamuyo ndaiyesa ndipo ndi yotetezeka. Alendo othandiza bungwe lathu ankayenera kubwera pakatha milungu iwiri kudzaona mwambo woikhazikitsa. "Mayi Longwe," anatero, "ndamva, ndipo tidzakonza alendo akapita. Koma tiyeni tinene zoona. Ndani ku Chintheche angachite zimenezi? Asodzi a usipa?" Anaseka pang'ono, poyembekeza kuti nane ndiseka. Ndinati, "Bwana, amene wachita zimenezi ndi mwana wa msodzi wa usipa, ndipo wakhala patsogolo panupa." Kuseka kunatha. Anati sankatanthauza zimenezo. Ndinawafunsa ngati akanalola kuti zotsatira za magazi a akazi awo ziyende pa pulogalamu imeneyi kwa milungu iwiri yokha. Anayankha kuti ndisalowetse banja lawo pa nkhani za ntchito. Ndinati nanenso ndikupempha zomwezo, chifukwa mayina ali m'matabuletimo ndi a banja langa. Anakankhira fomu kwa ine. Ndinaikankhira kwa iwo. Anati matabuleti apitiriza kugwira ntchito, ndisaine kaya ndisasaine.

M'minibasi yobwerera ndinaganiza njira yonse. Ndikanatha kulemba lipoti, n'kusunga kope langa, n'kunena kuti ine ndasamba m'manja. Ambiri amatero ndipo amapuma pantchito ndi ulemu. Koma lipoti silikanatseka pakamwa pa tabuleti ngakhale imodzi. M'mawa mwake ndinalemba kalata yofotokoza zimene ndikukachita, chifukwa chake, ndi kumene katunduyo akakhale, n'kuitumiza kwa a Zimba ndi kwa wapampando wa bungwe. Kenako ndinakwera njinga yamoto ya kuntchito n'kuyenda zipatala zonse zisanu ndi ziwiri. Paliponse ndinkasiya risiti yosaina dzina langa. Pofika madzulo matabuleti onse anali m'thiranki yanga yachitsulo, ija ndinapita nayo kusekondale, ndipo kiyi ndinamangirira pachitenje.

Amene anandipweteka mtima si a Zimba, koma Sisita Makwinja. Anagwira tabuleti yawo ndi manja awiri osafuna kuisiya. "A NyaLongwe, mukudziwa zimene mukuchita? Ndili ndi amayi oyembekezera amene akudikira zotsatira. Ndili ndi makanda. Tikabwerera kumapepala, zitenga sabata kapena kuposa. Inu mukuteteza mayina, ine ndikuteteza ana." Ndinangoti, "Sisita, mapepalawo ndizinyamula ndine, katatu pa sabata. Mvula igwe, isagwe." Anaiponya tabuletiyo m'chikwama changa. Masabata awiri sanandipatse moni.

Ndinachitadi zimene ndinalonjeza. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndinkazungulira zipatala, n'kukwera mapiri kupita ku Mzuzu mapepala ali m'pulasitiki pachifuwa, n'kubwerera ndi zotsatira. Bondo langa lamanzere limene mumandinena nalo linayamba kuvuta nthawi imeneyo. Koma ndisakunamizeni kuti palibe anavutika. Mayi wina wa kuphiri anayenda wapansi kawiri ndi mwana kumbuyo kudzafunsa zotsatira, kawiri konse n'kubwerera chimanjamanja chifukwa madzi anasefukira pamlatho wina ine n'kulephera kudutsa. Ulendo wachitatu ndinamupeza atakhala pakhonde la chipatala. Sanadziwe kuti wachititsa ndine. Ndinamuuza ndekha. Anandiyang'ana, n'kunena m'Chitonga kuti miyendo ndi yake, ilibe mlandu ndi munthu, koma ulendo wina ndizifulumira. Zotsatira za mwanayo zinali zabwino. Zikanakhala zina, sindikudziwa kuti mutu uno ndikanaulemba bwanji.

Anandiitanitsa ku komiti yosungitsa mwambo. Munali anthu atatu, kuphatikizapo wapampando wa bungwe, mayi wachikulire amene kale anali mphunzitsi wamkulu. A Zimba anawerenga milandu yanga: kutenga katundu popanda chilolezo, kusamvera, ndi kuchititsa manyazi bungwe, chifukwa mwambo wokhazikitsa pulogalamu uja unali utalephereka ndipo alendo anangowaonetsa nyumba zopaka laimu. Ananenanso kuti zimene ndikuopazo ndi za m'mabuku, sizingachitike. Wapampando anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati mawu ndilibe ambiri, koma ndabwera ndi tabuleti imodzi, imene ndafufutamo za odwala onse, ndi laputopu. Ndinapempha kuti bwana akhale pakona, alembe chilichonse chimene akufuna ngati akulemba wodwala, n'kutumiza ku seva. Ine ndinakhala pakona ina nditawafulatira. A Zimba analemba mwamsanga, akupukusa mutu. Zitafika kwa ine ndinavala magalasi n'kuwerenga mokweza: "Dzina la wodwala, Mayi Longwe. Matenda, makani." Mmodzi wa akomiti anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. A Zimba nkhope inagwa. Ndinati, "Matendawa ndawavomera, bwana, ndi akumtundu. Koma mwaona kuti ndawawerenga." Wapampando sanaseke. Anafunsa a Zimba funso limodzi lokha: "Mwezi ndi theka uja unayamba kale kuwerengedwa, kapena uyamba lero?"

Unayamba tsiku limenelo. A Somanje atamaliza kukonza anabwera okha ku Chintheche, ndipo tinakhala masiku awiri muofesi yanga tikuyesa kuinamiza pulogalamuyo. Tinaipatsa satifiketi yosaina ine, inakana. Tinaipatsa yotha masiku, inakana. Tinaipatsa ya dzina losiyana chilembo chimodzi, inakana. Tinabweza wotchi m'mbuyo, pulogalamuyo inaima n'kulemba uthenga womveka wouza nesi chochita, m'malo mongotumiza. Ndinaumirira kuti tidule netiweki pakati pa malonje, tiitumizire zinthu zosokonekera, tiisinthire netiweki ili m'kati motumiza. Pamenepo tinapezanso kachilema kena kakang'ono, iwo n'kukakonza. Pochoka anandiuza kuti mbali yofufuza satifiketi ija aikonzanso m'malo ena awiri kumene kampani yawo inagulitsa pulogalamu yofanana. Ndinasaina fomu ija tsiku limenelo, ndi dzanja langa, mosakakamizidwa. Matabuleti ndinawabweza ndekha, n'kutenga marisiti anga. Sisita Makwinja analandira yawo n'kunena kuti, "Mwaonda, a NyaLongwe. Khalani pansi mumwe madzi." Kukhululukirana kwathu kunathera pomwepo.

Musaganize kuti ndinapatsidwa mendulo. Komiti inagamula kuti pa nkhani ya pulogalamu ndinalondola, koma pa nkhani yotenga katundu ndinalakwa. Anandilembera kalata yochenjeza n'kuiika m'fayilo yanga, ndipo udindo woyang'anira netiweki anapatsa wina. Zaka zotsalazo ndinazithera kusitolo ya bungwe, ndikukonza mapirinta ndi kusintha mabatire. A Zimba tinkapatsana moni wa ulemu. Sanandipepese, inenso sindinawapepese.

Chaka chopuma

Sabata yomaliza anandiitana kwa mkulu woona za antchito, mayi waulemu amene nkhaniyi anangoipeza m'mafayilo. Anatulutsa kalata yochenjeza ija n'kuiyala patebulo. "Amayi, mwagwira ntchito zaka zambiri, ndipo banga m'fayilo yonseyi ndi ili lokha. Akuluakulu agwirizana kuti tikhoza kuichotsa. Mungolemba mzere umodzi wonena kuti mukudandaula ndi zimene munachita, basi, mupite kwanu ndi fayilo yoyera."

Ndinapempha kuti ndiiwerengenso, chifukwa panali patapita zaka. Inalembedwa bwino. Inati ndinatenga matabuleti asanu ndi awiri popanda chilolezo, ndinakana kusaina fomu nditalamulidwa ndi bwana, ndipo nditafunsidwa ndi komiti ngati ndingachitenso zimenezi ndinayankha kuti inde. Munalibe bodza ngakhale limodzi.

"Ndilembe kuti ndikudandaula chiyani, mwanangu?" ndinafunsa.

"Ndi mawu chabe, amayi. Palibe adzawawerenge."

Ndinamubwezera cholembera chake. "Isiyeni m'fayilomo. Koma pirinta ya pakhondepo ndaikonza dzana, ikugwira bwino. Mundijambulire makope atatu, mwana aliyense akhale ndi lake."